Mlendo ndi mame: zomwe Domasi ikutiphunzitsa pa chuma cha mabungwe ang'onoang'ono

Mukakwera minibasi kuchoka ku Zomba kulowera ku Liwonde, tayang'anani zikwangwani za m'mbali mwa msewu mukangodutsa pa Songani. Zina n'zowala, penti wake ngati wapakidwa dzulo. Zina dzimbiri linadya kalekale moti dzina la bungwe silikuwerengekanso, kwangotsala muvi woloza kumudzi. Chikwangwani chilichonse chili ndi nkhani ya ndalama kumbuyo kwake: tsiku lina zinafika, amayi anavina, mfumu inalankhula, ndipo tsiku lina zinasiya kubwera.

Nkhaniyi yafika pena tsopano. Pa 20 January 2025, Pulezidenti Donald Trump adasaina lamulo loimitsa thandizo lomwe dziko la America limapereka kumaiko ena, ndipo pofika pa 1 July chaka chomwecho bungwe la USAID lidatsekedwa. Dziko lino linkalandira ndalama zoposa madola 350 miliyoni pachaka kuchokera ku America. Nalo dziko la Britain lidalengeza mu February 2025 kuti lichepetsanso thandizo lake pofika 2027. Ambiri tidaziwerenga pafoni ngati nkhani za ku Washington ndi London. Koma mathero a nkhani zotere amakhala pansi pa mtengo wa mango m'mudzi mwa T/A Malemia, pomwe komiti ya kabungwe kakang'ono imakhala ikufunsana kuti phala la ana lichokera kuti mwezi wamawa.

Ine maganizo anga ndi awa: thanzi la chuma cha bungwe sitiliona chaka chomwe ndalama zachuluka. Timaliona pa miyezi yomwe bungwelo lingathe kutsegula chitseko ndalama za alendo zitasiya kulowa. Ndipo ngati pali malo m'Malawi muno omwe aiona nkhaniyi ikubwerezabwereza, ndi chigwa cha Domasi.

Zaka 140 za ndalama zobwera

Mishoni ya Domasi idatsegulidwa mu 1884 ndi m'busa Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland, patangopita zaka zisanu ndi zitatu mishoni ya Blantyre itayamba. Malipiro a amishonale komanso gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera ntchito zinkachokera m'zopereka za Akhristu a ku Scotland, ndipo yomwe inkagawa inali komiti ya ku Edinburgh. Anthu a ku Domasi sankaidziwa nkhope komitiyo, koma chomwe yagwirizana ndicho chinkachitika pasukulu yawo.

Mu 1929 kudabwera Jeanes Training Centre, sukulu yophunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi awo, kenako mafumu. Poyambira pake padali ndalama za Carnegie Corporation ya ku New York. Pakati pa 1949 ndi 1954, boma la atsamunda lidayendetsa Domasi Community Development Scheme, ntchito yoyesera chitukuko cha m'midzi. Werengani zakazo bwino: zisanu. Ndiye kuti pulojekiti ya zaka zisanu, yokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lotsekera, anthu a kuno adayamba kuiona agogo athu ali tiana.

Pa zitatuzi, chomwe chilipo mpaka lero ndi dzina lake lomwelo ndi mishoni. Chifukwa chake si chakuti a ku Scotland adali olemera kuposa Carnegie ayi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, amishonale adapereka udindo ndi katundu m'manja mwa Sinodi ya Blantyre ya CCAP, ndipo mu 1962 m'busa Jonathan Sangaya adakhala Mmalawi woyamba kukhala mlembi wamkulu wa sinodiyo. Mpingo udali kale ndi eni ake: anthu oponya chopereka Lamulungu lililonse, ouma njerwa, amayi a Mvano osenza mchenga pamutu. Alendo atabwerera kwawo, panali otsala oti nkutola pomwe asiyira.

Mafuwa atatu

Pamishoni yomweyi pali chipatala chaching'ono cha H. Parker Sharp. Dzinalo lokha likukuuzani kuti pali dzanja la abwenzi akunja, ndipo Sinodi ya Blantyre yakhala paubale ndi mipingo ya Presbyterian ya ku Pittsburgh, ku America, kuyambira 1991. Chipatalachi ndi chimodzi mwa zipatala za mipingo zomwe zili pansi pa CHAM, bungwe lomwe lidayamba mu 1966 ndipo zipatala zake zimathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala m'dziko muno, makamaka kumidzi.

Momwe ndalama za zipatala za CHAM zimayendera ndi phunziro kwa aliyense wofuna kuyambitsa bungwe. M'phika wake wakhala pa mafuwa atatu.

Fuwa loyamba ndi boma. Malipiro a anamwino ndi ogwira ntchito ena ambiri amachokera ku boma. Kuyambira 2006 palinso mapangano omwe maofesi a zaumoyo a m'maboma amasainirana ndi zipatalazi, oti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere, bilu nkupita ku boma.

Fuwa lachiwiri ndi odwala eni ake, omwe amalipira kangachepe pa mankhwala ndi chithandizo china. Ambiri timadandaula nazo, ndipo kudandaulako nkomveka chifukwa mayi wa ku Domasi wogulitsa tomato sakhala ndi ndalama tsiku lililonse. Koma ndalama imeneyi ndi yokhayo yomwe imalowa tsiku ndi tsiku popanda kulemba pulopozo.

Fuwa lachitatu ndi mpingo ndi abwenzi ake, omwe kawirikawiri amathandiza pa zikuluzikulu: nyumba, zipangizo, ambulansi.

Palibe fuwa lomwe lili lolimba palokha. A CHAM akhala akudandaula kangapo konse kuti boma limachedwa kulipira mabilu a mapangano aja. Chaka cha njala odwala amalephera kulipira. Abwenzi akunja nawo mipingo yawo ikuchepa anthu ndipo amakalamba. Koma nthawi zambiri mafuwawa sagwedera tsiku limodzi onse. Lina likapendekeka, awiri enawo amaugwiririza m'phika mpaka zinthu zitakhalako bwino. Chinsinsi chake n'chomwecho basi.

Bungwe la fuwa limodzi

Tsopano tsikani pamishoni mulowe m'midzi, komwe kuli mabungwe a m'madera, aja timangoti ma CBO. Ambiri mwa iwo adabadwa m'zaka zomwe Edzi inkatha anthu. National AIDS Commission idakhazikitsidwa mu 2001, ndalama za Global Fund zidayamba kulowa, ndipo mu 2004 ma ARV adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala. Magulu a amayi omwe ankasamalira odwala ndi ana amasiye ndi ufa wa m'nyumba zawo adauzidwa kuti alembetse kukhonsolo, asankhe komiti ndi kutsegula akaunti kubanki kuti alandire thandizo.

Aliyense wokulira kumudzi m'zaka zimenezo akuudziwa ulendo wa bungwe lotere. Poyamba limakhala losauka koma lamoyo: wina wabweretsa chimanga, wina nkhuni, mfumu yapereka munda. Kenako kumabwera cheke choyamba. Kumagulidwa njinga, mapoto akuluakulu, mabulangete. Kumayamba maphunziro a kuhotela okhala ndi alawansi. Apa pamasintha chinthu china chomwe sichilembedwa m'lipoti lililonse: anthu a m'mudzi amasiya kusonkha. Asonkherenji poti bungwe lili ndi azungu ake? Pakatha zaka zitatu kapena zisanu pulojekiti imatsekedwa, wopereka thandizo watembenukira ku nkhani ina, mwina ya kusintha kwa nyengo, mwina ya atsikana. Bungwe limatsala ndi njinga zopanda matayala, ndipo chizolowezi chosonkha chija chidafa kale. Limakhala losauka kuposa mmene lidalili lisanalandire kanthu.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu sunyoza mlendo ayi, umangokumbutsa kuti adzapita. Vuto limakhala kwa mwini nyumba yemwe wagwetsa nkhokwe yake chifukwa mlendo wabwera ndi thumba la mpunga.

Kunena chilungamo, ndalama zambiri zomwe timamva pawailesi sizifika nkomwe kwa timabungwe totere. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, maiko adasiya kuthira ndalama m'bajeti ya boma nkuyamba kudutsira kwambiri m'mabungwe, koma omwe adapindula ndi akuluakulu okhala ndi maofesi ku Lilongwe. Mu 2016, pamsonkhano wa ku Istanbul, opereka thandizo adalonjeza kuti pofika 2020 gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zothandizira pa ngozi lizipita kumabungwe a eni dera. Chakacho chidadutsa lonjezo lisanakwaniritsidwe. Bungwe la kumudzi limakhala kumapeto kwa mzere: lomaliza kulandira, loyamba kudulidwa.

Kwacha ikagwa

Pali mdani wina yemwe sadikira kuti pulojekiti ithe. Mu May 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700.

Tiyerekeze kuti bungwe lidalonjezedwa madola 10,000. Kwacha isanagwe, imeneyo inali K11.8 miliyoni. Itagwa, inali K17 miliyoni. Ngati mgwirizano udalembedwa m'madola, bungwelo lapumako pang'ono. Koma timabungwe ta m'midzi nthawi zambiri timalandira kudzera ku bungwe lina lalikulu, ndipo mgwirizano umalembedwa m'makwacha. Ndiye kuti lilandirabe K11.8 miliyoni yomwe ija, pomwe soya, shuga, simenti ndi mafuta zakwera usiku umodzi. Papepala palibe chomwe chadulidwa. M'poto ndi momwe mukuoneka kuti phala lachepa.

Ngakhale lolandira madola silipulumuka kwenikweni. Limasintha ndalama zake kubanki pamtengo wa boma, koma katundu wa m'sitolo amatsatira mtengo wa dola ya pamsika wakuda, womwe nthawi zina wakhala ukuposa wa kubanki kawiri. Onjezani apo malipiro: mu 2024 malipiro otsikitsitsa adakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. N'zabwino kwa mlonda, ndipo n'zoyenera, koma bajeti yolembedwa mu 2022 sidaziganizire. Pamwamba pa izi padagwa namondwe wa Freddy mu March 2023 ndi chilala cha 2024. Ofuna thandizo adachuluka nthawi yomwe mphamvu ya ndalama inkachepa.

Phunziro la kumunda wa mpunga

Mukautsatira mtsinje wa Domasi kutsika nawo cha kunyanja ya Chilwa, mbali ya Machinga, mupeza sikimu ya mpunga ya Domasi, ya mahekitala pafupifupi 500. Idamangidwa nthawi ya Kamuzu Banda mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan, ndipo kwa zaka zambiri boma ndilo linkaiyendetsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, boma lidayamba kupereka masikimu otere m'manja mwa alimi kudzera m'mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi. Ubale wa Malawi ndi Taiwan nawo udatha kumayambiriro kwa 2008.

Bungwe la alimi lotere nalonso silipanga phindu, koma limasiyana ndi CBO ya ana amasiye pa mfundo imodzi: wolandira thandizo ndi wosonkha ndi munthu mmodzi yemweyo. Mlimi amalipira kandalama ka madzi ndi ka umembala chifukwa ngalande ikatsekeka, mpunga wouma ndi wake. Ndalama zotere sizikwana kukonzera zikuluzikulu, monga pomwe madzi amapatukira kuchoka mumtsinje pakagumuka, ndipo apo pamafunikabe boma kapena abwenzi. Koma zimakwana kuti msonkhano uchitike, ngalande zilambulidwe, ndipo msungichuma afunsidwe mafunso. Munthu yemwe waponyapo yake sachita manyazi kufunsa kuti yapita kuti.

Si bungwe lililonse lingalipiritse anthu ake. Mwana wamasiye simungamuuze kuti agule phala. Koma mudzi womwe mwanayo akukhala ungathe kulima munda wa bungwe, ndipo ana a m'mudzimo omwe ali ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni ali ndi Mpamba ndi Airtel Money m'thumba.

Mafunso anayi oyezera bungwe

Ambiri a ife tamaliza sukulu ntchito kulibe, ndipo maloto a anzanga ochuluka ndi kulembetsa bungwe. Ena mumadzipereka kale m'mabungwe a achinyamata, ena mumatumiza kangachepe mukaona positi yomvetsa chisoni pa Facebook. Simufunika digiri ya akaunti kuti mudziwe ngati bungwe lili bwino. Mafunso anayi awa akukwanira.

Loyamba: ndalama zitasiya kulowa lero, mungayende miyezi ingati? Samu yake njosavuta. Tengani ndalama zomwe zili m'akaunti zomwe sizidamangidwe ku pulojekiti iliyonse, mugawe ndi zomwe mumawononga pamwezi. Ngati lendi, mlonda, magetsi ndi chakudya zimadya K600,000 pamwezi ndipo muli ndi K900,000, moyo wanu ndi mwezi umodzi ndi theka. Odziwa za kayendetsedwe ka mabungwe amalangiza kuti nkhokwe izikhala ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Ndipo samalani: K20 miliyoni yomwe yabwera kuti mumangire chipinda si yanu. Bungwe limatha kukhala ndi mamiliyoni kubanki uku likulephera kugula mayunitsi a magetsi.

Lachiwiri: pa K100 iliyonse yomwe imalowa, ingati imachokera kwa munthu mmodzi? Ngati ndi K80 kapena K90, ndiye kuti bungwelo ndi nthambi chabe ya wopereka ndalamayo. Iye akayetsemula, inu mwagonekedwa m'chipatala.

Lachitatu: katundu amene muli naye amabweretsa ndalama kapena amadya? Galimoto yosiyidwa ndi pulojekiti imaoneka ngati chuma, koma imafuna inshulansi, matayala, mafuta ndi dalaivala. Munda, khola la mbuzi, dziwe la nsomba kapena holo yobwereketsa zikhoza kubweretsa kanthu. Za nsombazi ku Domasi nkosavuta kupeza upangiri, poti likulu la boma la kafukufuku wa ulimi wa nsomba lili komweko. Komabe geni ya bungwe imafuna buku lakelake ndi munthu woiyang'anira. Chigayo cha aliyense chimasanduka chopanda mwini, ndipo dizilo akatha palibe amadziwa komwe ndalama za dzulo zalowera.

Lachinayi: amaona mabuku ndani? Ngati woyambitsa bungwe ndi yemwenso amasaina macheke, mkazi wake ndiye msungichuma, ndipo bodi idakumana komaliza tsiku lojambulitsa chithunzi, bungwelo likudwala ngakhale akaunti itadzaza. Lamulo la mabungwe omwe si aboma, lomwe lidakonzedwanso mu 2022 nkukhazikitsa NGORA, limafuna kuti bungwe lolembetsedwa lizipereka lipoti la chuma chaka ndi chaka, ndipo NGORA yakhala ikudandaula kuti ambiri satero. Kwa kabungwe kakang'ono, kulipira odita ndi katundu wolemera ndithu, ndipo apa boma liyenera kuganizapo. Koma kumata pepala la ndalama zolowa ndi zotuluka pachitseko cha ofesi mwezi uliwonse sikufuna odita.

Amalawi amapereka

Pali bodza lomwe timakonda kudziuza, loti Amalawi sapereka. Nanga maliro amayenda bwanji? Nanga zinkhoswe, mapepa Sande, mabanki m'khonde? Mu January 2021, Covid-19 itafika povuta, mlembi Stanley Onjezani Kenani ndi anzake adapempha thandizo pa Facebook logulira mpweya ndi zipangizo za m'zipatala. Anthu wamba, a kuno ndi okhala kunja, adasonkha mamiliyoni ochuluka m'masabata ochepa. Chomwe chidawakoka n'chakuti ankauzidwa pafupipafupi zomwe zalowa ndi zomwe zagulidwa. Anthu sakana kupereka. Amakana kuponya ndalama m'dzenje lomwe sakuona pansi pake.

Tiyerekezenso: anthu 200 ochokera m'dera limodzi, aliyense K2,000 pamwezi, mtengo wa kabandulo kamodzi. Imeneyo ndi K400,000 mwezi uliwonse, K4.8 miliyoni pachaka. Singamange chipatala. Koma ndi ndalama yopanda tsiku lotsekera, yosadalira chisankho cha ku America, ndipo ndi yomwe ingalipire mlonda ndi kugula soya pomwe komiti ikudikira yankho la pulopozo.

Sindikunena kuti thandizo lakunja ndi loipa. Ma ARV omwe asunga makolo athu ndi abale athu amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo palibe gulu la pa WhatsApp lomwe lingalowe m'malo mwake. Opereka thandizo nawo ali ndi mbali yawo: kulola kuti kagawo ka ndalama zawo kalowe m'nkhokwe ya bungwe, kulemba migwirizano yoganizira kugwa kwa kwacha, komanso kunena nthawi ikadalipo kuti akuchoka liti. Koma zimenezo si ife tingazilamule.

Chomwe chili m'manja mwathu ndi fuwa lathu. Ngati muli m'komiti ya bungwe, pamsonkhano ukubwerawu pemphani kuti msungichuma awerenge miyezi yomwe mungayende popanda cheke chatsopano, ndipo nambalayo ilembedwe m'maminitsi. Ikakhala yochepera itatu, imeneyo ndiyo ikhale nkhani yoyamba kukambirana, pulopozo ibwere pambuyo.